Kusakaniza mawu a pa mikisa ndi a maikolofoni a m'holo: n'chifukwa chiyani akutayana?

Wophunzira Kujambula analemba kuti:

Moni kwa inu nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru pa nkhani yojambula mawu a gulu la oimba pamene likuimba pamaso pa anthu. Gulu lina linandipatsa chilolezo chojambula zoimbaimba zake, ndipo mkulu amene amayendetsa mikisa (makina osakanizira mawu a oimba ndi zoimbira asanapite ku masipika) amandilola kutenga mawu kuchokera pa makina akewo. Ndimagwiritsa ntchito marekoda awiri: imodzi ndimailumikiza ku mikisa ndi nthambo, pamene inayo, yomwe ili ndi maikolofoni akeake awiri, ndimaiimika pa sitandi pafupi ndi mikisa yomweyo, pamtunda wa mamita pafupifupi 20 kuchokera pa masipika akuluakulu a kutsogolo.

Failo iliyonse payokha ili ndi chilema chake. Ya pa mikisa imatulutsa bwino kwambiri mawu a woimba wamkulu ndi kiyibodi, koma gitala ndi ng'oma zimamvekera kutali, ndipo anthu oonerera samveka n'komwe, moti munthu akhoza kuganiza kuti gululo linkaimba m'chipinda chopanda anthu. Ya maikolofoni imasunga mmene zinalili m'holomo, koma mawu a nyimbo samveka bwinobwino, besi imachuluka, ndiponso aliyense amene ankacheza pafupi ndi sitandi amalowamo. Choncho ndinaona kuti ndi bwino kuwaphatikiza mafailo awiriwa kuti ina ikwaniritse zimene inzake ikusowa.

Vuto langa ndi lakuti ndikawaika onse mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, n'kuwalunjikitsa koyambirira, nyimbo zoyamba zimamveka bwino ndithu, koma zinthu zimayamba kusokonekera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa ola limodzi ndi theka ng'oma iliyonse imamveka kawiri. Ndikasuntha failo imodzi kuti mapeto agwirizane, chiyambi ndiye chimasokonekera. Kodi chimachititsa zimenezi n'chiyani, ndipo mafailo amene ndajambula kalewa angakonzedwe? Komanso ndikufuna kudziwa kuchuluka kwa mawu a pa mikisa ndi a maikolofoni kumene inu odziwa mumaika posakaniza.

Khutu Lakuthwa anayankha kuti:

A Wophunzira Kujambula, muli ndi mavuto awiri osiyana amene akuoneka ngati limodzi, ndipo mukawasiyanitsa ntchito yanu ipepuka kwambiri.

Loyamba ndi la mtunda. Mawu ochokera pa mikisa amafika mu rekoda yanu kudzera m'nthambo, ndipo tinganene kuti amafika nthawi yomweyo. Mawu amene maikolofoni anu amamva amayamba ayenda mumpweya kuchokera pa masipika, ndipo mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi pamene kutentha kuli madigiri 20. Izi zikutanthauza kuti mita iliyonse imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 2.9 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), ndiye pa mamita 20 amene mwatchulawo maikolofoni anu amatsalira ndi mamilisekondi pafupifupi 58, omwe ndi ma sample (timiyezo ta mawu timene rekoda imatenga) pafupifupi 2,800 ngati mukujambula pa 48 kHz, kutanthauza ma sample 48,000 pa sekondi. Mikisa ya digito ndi makina oyendetsa masipika zimawonjezeranso kuchedwa kwake pang'ono, n'chifukwa chake kuyeza mtunda ndi tepi kumangokupatsani poyambira, koma nambala yeniyeni muyenera kuipeza poyang'ana mafunde a mawu pa kompyuta. Kuchedwa kwa mtunda kumeneku sikukula, kumakhala pafupifupi chimodzimodzi usiku wonse malinga ngati sitandi sinasunthidwe, ndipo munakuthetsa kale pamene munalunjikitsa mafailo koyambirira kuja.

Lachiwiri, lomwe likukusautsanilo, ndi la mawotchi a marekoda. Rekoda iliyonse ili ndi kachipangizo kake kowerengera nthawi, ndipo ngakhale onse awiri atalembedwa kuti akujambula ma sample 48,000 pa sekondi, palibe marekoda awiri amene amawerenga mofanana ndendende. Zili ngati anthu awiri amene anyamuka limodzi koma wina akuponda mapazi motalikirapo pang'ono kwambiri: poyamba amaoneka kuti akuyenda phewa ndi phewa, koma ulendo ukatalika wina amapezeka ali patsogolo. Tiyerekeze kuti mawotchi anu akusiyana ndi magawo 20 pa miliyoni, komwe ndi kusiyana kochepa zedi. Ola limodzi ndi theka lili ndi masekondi 5,400, ndiye pofika kumapeto mafailo anu adzakhala atatayana ndi mamilisekondi 108, ndipo khutu la munthu aliyense limamva kusiyana kotere ngati kugunda kuwiri.

Mafailo anu angakonzedwe, ndipo njira yake ndi iyi. Sankhani failo ya pa mikisa kuti ikhale muyezo, musaikhudze. Pafupi ndi chiyambi pezani mawu aafupi ndi akuthwa amene akuoneka bwino m'mafailo onse awiri, monga kumenya kwa ng'oma yaing'ono yotchedwa snare pamalo pamene zoimbira zina zili chete, ndipo mukulitse chithunzi cha mafunde mpaka muone pamene kugundako kukuyambira. Lunjikitsani pamenepo. Kenako pitani ku nyimbo yomaliza, mupeze kugunda kwina kotero, n'kuyeza kuti mafailo atayana ndi mamilisekondi angati. Ngati pakati pa kugunda kuwiriko failo ya pa mikisa ili ndi masekondi 5,400 pamene ya maikolofoni ili ndi 5,400.108, ndiye kuti ya maikolofoni iyenera kufulumizitsidwa ndi 0.002 peresenti. Gwiritsani ntchito chida chosinthira liwiro la failo yonse, chomwe chimasintha liwiro ndi kukwera kwa mawu pamodzi, osati chija chosintha liwiro n'kusunga kukwera kwa mawu. Chachiwirichi chimadula mawu m'tizidutswa n'kutilumikizanso, ndipo chimasokoneza kugwirizana kwa mafunde kumene inu mukukufunafuna. Musade nkhawa kuti nyimbo zisintha kamvekedwe, chifukwa kusintha kwa 0.002 peresenti palibe khutu limene lingakumve. Mu Audacity zimatheka, ngakhale ine ndimaona kuti mu pulogalamu ina yotchedwa Reaper n'zosavuta chifukwa mumatha kulemba liwiro la failo ndi manambala ambiri pambuyo pa dontho n'kumvetsera nthawi yomweyo.

Ena amangodula failo pa nyimbo iliyonse n'kulunjikitsa chiyambi cha nyimbo iliyonse payokha. Njira imeneyi imachotsa kumveka kawiri, koma sithetsa vuto, pakuti pa chitsanzo chathu chija nyimbo ya mphindi 5 imatayana ndi mamilisekondi 6 isanathe, ndipo kutsetsereka kumeneku kumamveka makamaka pa zinganga za ng'oma ngati mkokomo wa ndege imene ikudutsa.

Pa zojambula za m'tsogolo, mankhwala enieni ndi kugwiritsa ntchito rekoda imodzi yokhala ndi matchanelo anayi, awiri a mikisa ndi awiri a maikolofoni, kuti onse aziyendera wotchi imodzi. Marekoda monga Zoom H4n, Zoom H6 ndi Tascam DR-40 amachita zimenezi, ndipo popeza mumaima pafupi ndi mikisa kale, nthambo sizikhala zazitali. Mukatero, kutayana kumatheratu ndipo mumangotsala ndi kuchedwa kwa mtunda, komwe mumakonza kamodzi kokha. Chenjezo langa n'lakuti musasakanize matchanelo anayiwo kukhala awiri muli m'holo momwemo, ngakhale rekoda itakupatsani mwayi wotero, chifukwa mukawaphatikiza asanalunjikitsidwe, palibenso njira yowalekanitsira.

Wamawaya anayankha kuti:

Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa mikisa, choncho ndilankhule za mbali imene a Khutu Lakuthwa sanaikhudze, yomwe ndi chifukwa chimene failo yanu ya pa mikisa ikumvekera motero.

Woyendetsa mikisa sasakanizira mawu rekoda yanu, amasakanizira makutu a anthu amene ali m'holo, ndipo anthuwo amamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: phokoso lochokera pansanja penipeni ndi mawu otuluka m'masipika. Ng'oma zimasokosa zokha popanda kuzikuza, ndipo woimba gitala amakhala ndi ampulifaya yake imene nthawi zambiri amaikweza kuposa mmene tingafunire. Zinthu zimenezi ndimangoziika pang'ono m'masipika, kapena osaziikamo n'komwe ngati holo ndi yaing'ono. Mawu a woimba ndi kiyibodi yolumikizidwa mwachindunji zilibe mphamvu ina iliyonse kupatula ya masipika, ndiye ndimazikweza kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti chimene chili chaphokoso pansanja chimakhala chochepa pa mikisa, ndipo chimene chili chofooka pansanja chimachuluka pa mikisa. Failo yanu ilibe vuto lililonse, yangojambula gawo limene holo inkasowa. N'chifukwa chake m'holo yaing'ono maikolofoni ndi amene ayenera kukhala maziko a kusakaniza kwanu, pamene pabwalo lalikulu, pomwe chilichonse chimadutsa m'masipika, mawu a pa mikisa amakhala okwanira bwino ndipo maikolofoni amangowonjezera anthu ndi mpweya wa malowo.

Pali malo angapo amene mungatengere mawu pa mikisa, ndipo sapereka zofanana. Mukatenga pa main out, potulukira mawu amene akupita ku masipika, chilichonse chimene ndikuchita pa masipika chimalowa m'failo yanu: ndikakweza mawu onse pamene anthu achuluka, rekoda yanu nayo imalandira mphamvu yambiri, ndipo pa mamikisa ena kusefa kumene ndachita kuti ndithane ndi kulira kwa holo kumalowanso. Ngati mikisa ili ndi malo otsala, ndi bwino kupempha kuti akupatseni kudzera potulukira pena papadera, pa aux kapena pa matrix, pomwe angathe kukuwonjezerani gitala ndi ng'oma popanda kukhudza zimene anthu akumva. Aux yake ikhale ya post-fader kuti izitsatira kusintha kumene woyendetsa mikisa akuchita, monga kukweza gitala pamene ikuimba yokha. Dziwaninso kuti ambiri a ife timasakaniza pafupifupi chilichonse pakati, kuti munthu amene wakhala kumanzere kwa holo amve zofanana ndi wa kumanja, ndiye musadabwe kupeza kuti matchanelo anu awiri a pa mikisa ali ofanana. Kutambasuka kwa mawu kumanzere ndi kumanja kudzachokera m'maikolofoni anu.

Pa kalumikizidwe, samalani ndi mphamvu. Mikisa ya akatswiri imatulutsa mawu pa muyezo wa +4 dBu, womwe ndi pafupifupi 1.23V, pamene zipangizo zambiri zing'onozing'ono zimayembekezera −10 dBV, pafupifupi 0.32V. Kusiyanaku ndi pafupifupi 12 dB (dB ndi muyezo wa kusiyana kwa mphamvu ya mawu), ndipo nyimbo ikafika pachimake mphamvu imakwera kwambiri kuposa miyezo imeneyi. Ngati polowera pa rekoda yanu pali potengera maikolofoni okha, mawu amaphwanyika asanafike pa kabatani kanu kochepetsera, moti kachipangizo koyezera mphamvu ya mawu kamaonetsa kuti zonse zili bwino koma failo n'kutuluka yonyenyeka. Ikani polowerapo pa line, muyezo wolandirira mawu amphamvu ochokera ku makina monga mikisa, ndipo ngati mphamvu ikadali yambiri, ikani kachipangizo kochepetsa mphamvu ndi 20 dB pakati pa mikisa ndi rekoda. Jambulani pa 24-bit ndipo musiye mpata wokwanira, nsonga za mawu zizifika cha pa −12 dBFS (12 dB pansi pa malire a rekoda) pa nthawi yoyesa zipangizo, chifukwa oimba amaimba mwamphamvu anthu akadzaza kusiyana ndi mmene amachitira poyeserera. Onetsetsaninso kuti mphamvu ya phantom ya 48V ndi yozimitsa pa matchanelo amene mwalumikiza ku mikisa; amenewo ndi magetsi amene rekoda imatumiza m'nthambo, makamaka oyendetsera maikolofoni a mtundu wa condenser, ndipo palibe woyendetsa mikisa amene angasangalale kuona ikubwerera m'makina ake. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza kwa magetsi, pa 50 Hz kapena 60 Hz malinga ndi magetsi a dzikolo, yendetsani rekoda ndi mabatire m'malo moilumikiza ku soketi, ndipo zikakanika ikani thiransifoma yolekanitsa pa nthamboyo.

Mamikisa ambiri a digito, monga Behringer X32, amatha kujambula okha pa fulashi, ndipo anthu amakonda njira imeneyi chifukwa safunika nthambo. Koma kumbukirani kuti mikisayo ili ndi wotchi yakeyake, ndiye mudzabwerera ku vuto lomwe lija la kutayana.

Pomaliza, fikani pa nthawi yoyesa zipangizo, mubwere ndi nthambo zanu za XLR ndi za jeki, ndipo mupemphe zimene mukufuna anthu asanalowe. Gulu likayamba kuimba, maso ndi makutu a woyendetsa mikisa zimakhala pansanja, ndipo sangasinthe kamvekedwe ka holo yonse chifukwa cha rekoda yanu.

Wapasitudiyo anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi akuluakulu awiriwa pa nkhani ya wotchi imodzi ndi ya kalumikizidwe, koma ndikufuna kusiyana pang'ono ndi a Khutu Lakuthwa pa mfundo yolunjikitsa. Iwo alankhula ngati pali malo amodzi pamene mafailo awiriwa amagwirizana ndendende, ndipo ine ndikuona kuti malo oterowo kulibe. Maikolofoni a m'holo amamva snare imodzi kangapo: amaimva kuchokera pa sipika ya kumanzere, kuchokera pa ya kumanja, kuchokera pa ng'oma yeniyeniyo yomwe ili kumbuyo kwa nsanja mamita angapo kuseri kwa masipika, kenako n'kumvanso mawu obwerera kuchokera m'makoma ndi kudenga. Chilichonse mwa zimenezi chimafika pa nthawi yake. Mukalunjikitsa ndi chimodzi, zinazo zimakhalabe zosalunjika. Chimene mungachite ndi kulunjikitsa ndi mawu oyamba amphamvu ochokera m'masipika, chifukwa ndi amene amafanana kwambiri ndi a pa mikisa, kenako n'kumalizitsa ndi khutu.

Chifukwa chake khutu liyenera kumalizitsa ndi ichi. Mawu awiri ofanana akaphatikizidwa wina atachedwa pang'ono, mbali zina za mawuwo zimalimbikitsana ndipo zina zimafafanizana, zomwe akatswiri amati comb filtering. Kuchedwa kwa milisekondi imodzi yokha kumaboola mawu pa 500 Hz, pa 1,500 Hz, pa 2,500 Hz ndi kumapitirira motero, ndipo mawu a woimba amamveka ngati akutulukira m'paipi. Kuboolaku kumazama kwambiri pamene magwero awiriwo ali ndi mphamvu yofanana. Gwero limodzi likatsika ndi 10 dB poyerekeza ndi linzake, kukwera ndi kutsika kwake kumangokhala pafupifupi 3 dB, komwe sikusautsa khutu. Apa ndiye pali yankho la funso lanu lachiwiri: musafune nambala yoti theka ili ndi theka ili, chifukwa kugawa pakatimpakati ndi kumene kumabweretsa mavuto ambiri. Sankhani gwero limodzi likhale mwini nyimbo, linalo lingothandiza. Ngati holo inali yomveka bwino, yambani ndi maikolofoni okha, kenako muzikweza mawu a pa mikisa pang'onopang'ono mpaka mawu a nyimbo ayambe kumveka bwino, n'kulekera pomwepo. Ngati holo inali yophokosera, yambani ndi mikisa, muzikweza maikolofoni mpaka gitala ndi ng'oma zibwerere m'malo mwake.

Pamene mikisa ndiyo ili mwini nyimbo, ine ndimakonda kusiya maikolofoni atatsalira pang'ono, mamilisekondi 5 mpaka 15, m'malo mowalunjikitsa kotheratu. Khutu la munthu limatenga mawu amene afika poyamba ngati gwero lenileni, ndipo ofanana nawo amene afika mamilisekondi ochepa pambuyo pake limawaphatikiza ndi oyambawo n'kuwamva ngati kukula kwa chipinda. Khalidwe la khutu limeneli ndi limene limatchedwa ndi dzina la Helmut Haas, amene analifufuza cha m'ma 1950. Kuchedwako kukapitirira mamilisekondi 30 mpaka 50, makamaka pa ng'oma, mawu achiwiri amayamba kumveka paokha. Chimene simuyenera kulola ndi chakuti maikolofoni atsogole, pakuti kumva holo isanamveke nyimbo yeniyeniyo kumasokoneza mutu ngakhale womvera sangathe kunena chimene chalakwika.

Mawu otsika ndi amene amafuna chisamaliro chapadera. Mukaphatikiza mafailo n'kuona kuti besi ndi ng'oma yaikulu zafooka kusiyana ndi mmene zinalili pa failo iliyonse payokha, tembenuzani polarity ya matchanelo a maikolofoni (kuti mafunde okwera akhale otsika, otsika akhale okwera) n'kumvetseranso, ndipo musunge mbali imene besi yalimba. Nthawi zambiri ndimangopewa mkangano wonsewo polola gwero limodzi lokha kunyamula mawu otsika: ngati mikisa ili ndi besi yabwino, ndimasefa maikolofoni kuchotsa zonse za pansi pa 100 kapena 150 Hz, zomwe zimachotsanso kugunda kwa mapazi ndi mkokomo wa holo umene mwadandaula nawo. Koma yambani mwamvetsera, chifukwa oyendetsa mikisa ena amatumiza besi ndi ng'oma yaikulu ku masipika a mawu otsika kudzera pa aux yapadera, ndipo pamenepo failo ya pa mikisa imakhala ndi besi yochepa, yambiri n'kukhala m'maikolofoni. Mukamaliza, mvetserani zonse mu mono, pomwe kumanzere ndi kumanja zimaphatikizidwa, chifukwa kufafanizana kumene kumabisala mu stereo kumaonekera poyera pamenepo, ndipo anthu ambiri adzamvera pa foni.

Pa nkhani ya anthu ocheza pafupi ndi sitandi, palibe chida cha pa kompyuta chimene chimaposa kukweza maikolofoni pamwamba. Akakhala mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, pakamwa pa munthu woyandikira pamakhala patali, pamene mphamvu ya masipika siisintha. Mukadzagula maikolofoni apadera a cardioid, amene amamva kwambiri za kutsogolo kwawo, yesani kuwaika m'njira ya ORTF, motalikirana masentimita 17 ndi kutsegula madigiri 110, yomwe imatambasula mawu bwino kuposa XY ya madigiri 90 imene imapezeka pa marekoda ambiri a m'manja. Ndingowonjezera kuti luso limeneli si lachilendo: gulu la ku America la Grateful Dead linapatula malo a anthu ojambula kuyambira mu 1984, ndipo okonda gululi akhala akusakaniza matepi a pa mikisa ndi a m'khamu kwa zaka zambiri, zosakanizazo n'kumazitcha matrix.

Wophunzira Kujambula analembanso kuti:

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse atatu. Ndayeza monga mmene a Khutu Lakuthwa anafotokozera, ndipo ndapeza kuti pofika nyimbo yomaliza failo ya maikolofoni inali itatsalira ndi mamilisekondi pafupifupi 70. Nditaifulumizitsa, chiyambi ndi mapeto zagwirizana ndipo kumveka kawiri kwatha, koma chapakati pakadali kusiyana kwa mamilisekondi awiri kapena atatu. Kodi ndichite nako chiyani? Ndaonanso kuti nyimbo ikatha, kuomba m'manja kwa anthu kumamveka mwamphamvu kuposa nyimbo yeniyeniyo. Komanso gululi likukonzekera kuimba pabwalo lapanja, ndiye ndikufuna kudziwa ngati pali zina zimene zimasintha kumeneko.

Khutu Lakuthwa anayankhanso kuti:

Mfundo ya a Wapasitudiyo yakuti khutu ndilo limamalizitsa ndi yoona, ngakhale ine ndimayambabe ndalunjikitsa ndendende ndi masipika ndisanasunthe chilichonse, kuti ndidziwe pamene ndikuchokera, ndipo pamene maikolofoni ndiwo ali mwini nyimbo sindisiya mpata uliwonse.

Kusiyana kwa chapakati kumene mwakupezako n'koyembekezereka. Liwiro la wotchi ya rekoda limasintha pang'ono ndi kutentha kwa rekodayo, ndiye kutayana sikuyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mpweya nawo umasintha: liwiro la mawu limakwera ndi mamita pafupifupi 0.6 pa sekondi pa digiri iliyonse, choncho holo ikatentha ndi madigiri 5 chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, mawu amafika pa mamita 20 mofulumirapo ndi pafupifupi theka la milisekondi. Ngati gwero limodzi lili pansi kwambiri pa linzake ndipo simukumva chachilendo, kusiyeni. Ngati mukukumva, gawani failo ya maikolofoni m'zigawo zitatu kapena zinayi, muzidula pa nthawi imene anthu akuomba m'manja, ndipo chigawo chilichonse muchiyeze koyamba ndi komaliza n'kuchipatsa liwiro lake.

Kuomba m'manja kumamveka mwamphamvu chifukwa manja a anthu ali pafupi ndi maikolofoni kuposa masipika. Musathane nako ndi compressor (chida chochepetsa mawu amphamvu) pa failo yonse, chifukwa idzafinya nyimbo n'kukweza phokoso la anthu m'malo a chete. Jambulani mzere wa voliyumu pa matchanelo a maikolofoni okha, n'kutsitsa pang'onopang'ono pamene nyimbo ikutha, kwa sekondi imodzi kapena awiri, kuti womvera asazindikire kusinthako. Mzere womwewo ndi umene mudzakwezere pamene anthu akuimba limodzi ndi gulu, komanso kutsitsa pamene woimba akulankhula pakati pa nyimbo, popeza kulankhula kumamveka bwino kuchokera pa mikisa.

Panja zinthu zina zimapepuka chifukwa kulibe makoma obweza mawu, ndipo monga ananenera a Wamawaya, mikisa imakhala ndi zoimbira zonse. Mdani wamkulu kumeneko ndi mphepo. Valikani maikolofoni zophimba zaubweya, osati za siponji zokha, ndipo dziwani kuti ngakhale mutatero, mphepo imasuntha mawu pakati pa masipika ndi maikolofoni, moti mawu okwera amamveka akubwera n'kumachoka ndipo kuchedwa kumasinthasintha m'njira imene simungaikonze pa kompyuta. Mtunda ukatalika vutoli limakula, n'chifukwa chake pabwalo lalikulu ndi bwino kuyandikira kutsogolo ngati muli ndi nthambo zokwanira. Usiku kukazizira ndi madigiri 10, pa mamita 30 mawu amachedwerapo ndi milisekondi imodzi ndi theka, ndiye muyezenso kulunjika kwa nyimbo za kumapeto ngakhale mutajambula ndi rekoda imodzi. Yang'ananinso ngati pali masipika othandizira amene aikidwa chapakati pa bwalo. Amenewo amachedwetsedwa dala kuti agwirizane ndi akutsogolo, ndipo mukaima kutali ndi nsanja kuposa iwo maikolofoni anu adzamva magwero awiri, choncho imikani sitandi pakati pa iwo ndi nsanja. Njira ina ndi kupempha chilolezo choika maikolofoni m'mphepete mwa nsanja, kumanzere ndi kumanja, atayang'ana kwa anthu, kuti atenge khamu popanda kuchedwa kwakukulu. Pamenepo mudzafunika nthambo zazitali zobwerera kumene kuli rekoda, kapena kupempha woyendetsa mikisa kuti akubwerekeni matchanelo awiri pa snake yake, nthambo yaikulu yonyamula matchanelo ambiri kuchokera pansanja kupita ku mikisa.